Zakukhitchini: Keke ikafuna mowa, ife tithiremo chiyani?

Mwezi wa Novembala ukangolowa, masitolo a kuno ku Britain amadzaza ndi mphesa zouma, shuga wakuda ndi mabotolo a brandy, ndipo ife timayamba kulandira mafunso ofanana chaka ndi chaka. Wina wapeza kaphikidwe ka keke ya Khirisimasi pa intaneti, waona kuti pakufunika brandy, chonsecho kunyumba kwake mowa sulowa. Wina wapemphedwa kuphika keke ya ukwati wa mwana wa achemwali ake, koma akuchimuna ndi Asilamu. Wina ndi mwana wa sukulu ku Nottingham, mowa sakana, koma sangagule botolo lathunthu la Cointreau kaamba ka masupuni awiri okha. Onsewa funso lawo ndi limodzi: m'malo mwa mowawo tithiremo chiyani?

Tisanafike pa zothiramozo, tiyambe tachotsa bodza lina lofala kwambiri, loti mowa ukaona moto umathawa wonse. Mawu amenewa amamveka ngakhale kwa ophika a pa wailesi yakanema, ndipo anthu amawagwiritsa ntchito potonthoza mlendo amene akukayika pa mbale. M'chaka cha 1992 akatswiri a zakudya a ku America, mogwirizana ndi unduna wa zamalimidwe wa dzikolo, adayeza mowa umene umatsala m'zakudya zikapsa. Adapeza kuti mukathira mowa mumsuzi wowira n'kuphula nthawi yomweyo, magawo 85 pa 100 alionse amatsalira momwemo. Mukauyatsa moto, monga amachitira Angerezi pa pudding yawo ya Khirisimasi, magawo 75 amatsala, ngakhale lawi lija limaoneka ngati lanyambita zonse. Chakudya chikakhala pamoto mphindi 15 pamatsala magawo 40, chikatha ola limodzi magawo 25, ndipo pamafunika maola awiri ndi theka kuti patsale magawo 5 okha. Tsono kumbukirani kuti keke wamba ya siponji imakhala mu uvuni mphindi 25 kapena 30 basi.

Wina anena kuti keke ya Khirisimasi imapsa maola atatu kapena anayi, choncho mowa wake umachoka. Zoona, umene mudaviikamo zipatso musanaphike umachoka wambiri. Koma mwambo wa kuno ndi woti keke ikapsa amaiboola timabowo ndi kamtengo, n'kumaimwetsa masupuni aakulu awiri a brandy pakatha sabata ziwiri zilizonse mpaka tsiku lifike. Umenewu suona moto n'komwe. Tiyeni tiwerengere limodzi. Supuni yaikulu ndi mamililita 15. Mukaimwetsa kanayi, mwathira mamililita 120 a brandy, ndipo brandy mphamvu yake imakhala pakati pa 36 ndi 40 peresenti. Ndiye kuti m'kekemo mwalowa mowa weniweni wokwana pafupifupi mayuniti asanu, malinga ndi kawerengedwe ka a zaumoyo kuno kamene yuniti imodzi ndi mamililita 10. Wina umauluka keke ili m'chitini, koma si wonse. Nanga trifle ya sherry ndi tiramisu ya Marsala? Zimenezi siziphikidwa konse, zimangochoka m'mbale kupita m'firiji. Akatswiri omwe aja adapeza kuti mowa wothiridwa m'chakudya chosaphika n'kugonetsedwa usiku umodzi umatsala magawo 70.

Nkhaniyi tikuikokera dala chifukwa cha mmene timasonkhanira ife. Pa chikondwerero cha 6 July, pa chinkhoswe, pa phwando la ubatizo kapena pa maliro, tebulo limakhala limodzi koma odya ake ndi osiyana. Pali a Seventh Day, a CCAP ndi a Pentekoste amene adalonjeza kusakhudza mowa. Pali abale athu Asilamu ochokera ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota. Pali amayi oyembekezera, amene akuluakulu a zaumoyo kuno adawalangiza mu 2016 kuti chabwino koposa n'kusamwa ngakhale pang'ono. Pali amene akumwa mankhwala monga metronidazole, odana ndi mowa. Pali ana, amene amathamangira trifle chifukwa cha kasitadi ndi jeli. Ndipo pali bambo uja amene adasiya kumwa movutikira, amene sanganene pagulu, koma fungo lokha la rum likhoza kumudzutsira chilakolako chimene wakhala akulimbana nacho zaka zambiri. Ameneyu ngakhale esensi ya rum yopanda mowa siimuthandiza. Ife tikuona kuti chakudya chopita pagulu chisakhale ndi mowa, pokhapokha ngati palembedwa poyera. Za kunyumba kwanu ndi zanu.

Kuti tisinthe bwino tiyenera kudziwa chimene mowawo ukuchita m'kekemo. Ntchito zake ndi zitatu: umapereka fungo, umafewetsa zipatso ndi keke yomwe, komanso umaiteteza kuti isachite nkhungu msanga. Mowa wotsekemera uja amautcha liqueur umawonjezeranso shuga. Ambiri amene keke yawo imatuluka youma ngati chigumu cha dzana amakhala kuti adabwezera fungo lokha, n'kuiwala madzi amene mowawo ukadabweretsa. Lamulo lake ndi losavuta: mukachotsa masupuni anayi a mowa, mubwezere masupuni anayi a chamadzimadzi china, ndipo fungolo mulipeze padera.

Pa keke ya zipatso, palibe chimene chimaposa tiyi. Izi si zopeka ife. Anthu a ku Wales ali ndi mkate wawo wa zipatso wotchedwa bara brith, a ku Ireland ali ndi barmbrack, ndipo ambiri amaviika zipatso zake mu tiyi usiku wonse. Tiyi wakuda ali ndi kuwawa pang'ono kumene kumachepetsa kutsekemera kwa mphesa, ndipo amapereka mtundu wakuda uja umene anthu amaganiza kuti umachokera ku brandy. Ngati muli ndi paketi ya Chombe imene mudabwera nayo kapena adakutumizirani, apa ndiye pake. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje amadziwika ndi mtundu wake wofiira bwino, ndipo wambiri amathera m'timatumba ta tiyi timene timagula kunoko osadziwa. Abale athu a ku Johannesburg akhoza kugwiritsa ntchito rooibos, amene amatsekemera mwa iye yekha.

Amene simunayesepo, yambani ndi keke yaing'ono iyi. Tengani magalamu 350 a mphesa zouma ndi magalamu 200 a shuga wabulauni, muthiremo mamililita 300 a tiyi wotentha, wamphamvu kuposa amene mumamwa, opanda mkaka. Vundikirani mpaka m'mawa. Kukacha phwanyiranimo dzira limodzi, thirani magalamu 275 a fulawa wa self-raising ndi supuni ya tiyi imodzi ya mixed spice, takasani, ikani m'chitini cha buledi chimene mwayalamo pepala. Uvuni ukhale pa madigiri 150, ndipo keke ipse pafupifupi ola limodzi ndi theka, mpaka kamtengo kakalowa pakati katuluke kouma. Simufunika bata kapena majarini. Imakoma kwambiri ikagona tsiku limodzi, mutaipaka Stork kapena bata podya.

Koma apa pali chenjezo limene mabuku ambiri sanena momveka. Tiyi ndi juwisi zimafewetsa, koma sizisunga. Keke ya brandy amaiphika mu Okutobala n'kukaidya pa 25 Disembala ili bwinobwino. Keke yomwetsedwa juwisi wa malalanje sabata ndi sabata, n'kuikidwa m'kabati ya nyumba zathu zotenthetsedwa ndi hita zija, ikhoza kukulandirani ndi nkhungu tsiku la Khirisimasi. Choncho keke yopanda mowa muiphike kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri, kapena muiphike msanga, izizire, muikulunge bwino n'kuiika m'firiza. Musaimwetse kangapo. Kamodzi kokha ikangotuluka mu uvuni, ipakeni tiyi wowiritsidwa ndi shuga mpaka atalemerera ngati uchi wamadzi, basi. Amayi ophika makeke a ukwati, uzani eni ukwati za zimenezi, chifukwa kuno ena amasunga chigawo chapamwamba cha keke kudikira ubatizo wa mwana woyamba. Yopanda mowa malo ake ndi m'firiza.

Tibwere ku mabotolo enawo. Rum amapangidwa kuchokera ku nzimbe, makamaka ku madzi akuda otsala popanga shuga, ndiye chifukwa chake fungo lake limafanana ndi la shuga wakuda. Kaphikidwe kakafuna rum, thirani juwisi wa maapozi kapena tiyi mlingo womwewo, n'kusintha gawo la shuga woyera ndi muscovado wakuda, kapena kuwonjezera supuni imodzi ya black treacle. Brandy amachokera ku mphesa, choncho juwisi wa mphesa zoyera kapena wa maapozi amalowa m'malo mwake mosavuta. Pa trifle, nyowetsani siponji ndi madzi a m'chitini cha mapichesi kapena juwisi wa malalanje. Keke ya Black Forest ya ku Germany imafuna kirsch, mowa wa zipatso za cherry; madzi a m'botolo limene mwagulamo zipatsozo ndi okwanira. Chenjerani ndi chinanazi chachiwisi mu trifle: chili ndi mphamvu ina imene imalepheretsa jeli kugwira, ndipo mudzadikira mpaka alendo kufika. Cha m'chitini chilibe vuto chifukwa chidaphikidwa kale.

Cointreau ndi Grand Marnier, onse a ku France ndipo onse a 40 peresenti, fungo lawo ndi la makoko a malalanje. Apa pali chinsinsi chimene tikufuna aliyense achigwire: fungo la lalanje ndi la ndimu silikhala m'madzi ake, limakhala m'khungu. Mukafinya juwisi yekha, keke imawawasa koma osanunkhira. Tsukani lalanje ndi madzi otentha, chifukwa ambiri a m'masitolo muno amawapaka phula kuti awale, kenako palani khungu lakunja lokha, lachikasu lija, osafika pa choyera chamkati chimene chimawawa. Tikitani zopalazo mu shuga ndi zala zanu mpaka shuga atanyowa ndi kununkhira, ndiye mupitirize kuphika monga mwa nthawi zonse. Pa masupuni awiri a Cointreau, khungu la theka la lalanje ndi masupuni awiri a juwisi wake zakwana. Kunena zoona, ife timaona kuti keke yotere imaposa ya mowa ija. Koma juwisi wa ndimu kapena lalanje musamuthire mwachindunji mumkaka kapena kasitadi wotentha, chifukwa zimagwirana ngati chambiko. M'menemo thirani khungu lokha.

Kahlúa wa ku Mexico ndi Tia Maria ndi mowa wa khofi, ndipo ndiwo osavuta kusintha pa onse. Pangani khofi wamphamvu kwambiri, theka la kapu, musungunulemo masupuni awiri a shuga, azizire. Tiramisu ya khofi yekha ndi tiramisu ndithu. Muli ndi khofi wa Mzuzu, musamuumire. Baileys ndi kirimu wosakaniza ndi whiskey, wa 17 peresenti. M'malo mwake sakanizani kirimu, khofi pang'ono, koko pang'ono ndi shuga. Amarula ndiye amativuta, chifukwa botolo lake la njovu lija ndi limene anthu amagula pa bwalo la ndege ku Johannesburg pobwerera kuchokera kumudzi, n'kupatsa ngakhale mabanja osamwa. Amapangidwa kuchokera ku zipatso za mtengo wa mfula, womwe uja umamera m'madera otentha monga kuchigwa cha Shire. Chifukwa amaoneka ngati tiyi wamkaka, ena amathira pa ayisikirimu ya ana. Chonde ayi, mphamvu yake ikuposa ya vinyo. Chofanana naye ndendende simuchipeza m'sitolo, koma kirimu wosakaniza ndi shuga wowotcha mpaka kufiira, ndi madzi pang'ono a mapichesi, amayandikirako.

Tsopano amaretto, amene amatifikitsa pa timabotolo ting'onoting'ono tija. Mowa umenewu ndi wa ku Italy, ndipo wodziwika kwambiri, Disaronno, ndi wa 28 peresenti. M'malo mwake anthu amagwiritsa ntchito almond extract, koma apa dzanja lisalemere. Kabotolo ka extract n'kamphamvu kuposa liqueur kutalitali. Pa masupuni aakulu awiri a amaretto, thirani kota chabe ya supuni ya tiyi ya extract, kapena theka ngati mumakonda fungo lamphamvu, kenako mudzaze mlingo wotsalawo ndi madzi kapena mkaka ndi kashuga pang'ono. Mukapyola, keke imanunkha ngati mankhwala a chifuwa ndipo palibe chimene mungachite. Ndi bwino kuthira madontho ochepa, kulawa, n'kuwonjezera.

Pa almond pali nkhani ina yoposa kukoma. Kwathu tikati mtedza timanena nsawa basi, koma kuno malamulo amasiyanitsa nsawa ndi mtedza wa m'mitengo monga almond, cashew ndi macadamia amene amalimidwa ku Thyolo. Zonsezi zili pa mndandanda wa zakudya 14 zimene ogulitsa ayenera kuulula chifukwa zimawenga anthu ena, ndipo pamndandanda womwewo pali mazira, mkaka, tirigu ndi ma sulphite amene amapezeka m'zipatso zina zouma ndi mu vinyo. Ana athu obadwira kuno ena amawengedwa ndi mtedza moti akhoza kubanika m'mphindi zochepa. Almond extract ina imachokera ku almond wowawa, ina ku njere za maapurikoti, ina ndi yopangidwa m'fakitale, ndipo simungadziwe pongonunkhiza. Pakakhala mwana wotere, isiyeni. Ndipo musaiwale marzipan, chosanjikiza chachikasu chimene chimabisala pansi pa ayisingi woyera pa keke ya Khirisimasi ndi ya ukwati. Chimenecho ndi almond wopera ndi shuga. Mabuku amanenanso kuti mupake sherry kapena brandy pa marzipan kuti ayisingi amamatire. Madzi owiritsa ozizira amagwira ntchito yomweyo. Amayi amene mumagulitsa makeke muli kunyumba, kumbukirani kuti muyenera kulembetsa ku khonsolo ya dera lanu kutatsala masiku 28 kuti muyambe, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala 2021 chakudya chimene mwachikuta kale musanagulitse chiyenera kukhala ndi pepala lotchula zonse zimene zili mkati.

Tafika pa vanila, kabotolo kamene kali m'khitchini ya aliyense. Kumudzi tidakula ndi esensi, kaya ya Moir's yochokera ku South Africa kaya ina, ndipo tidafika kuno n'kupeza mashelefu ali ndi mitundu iwiri: yotchipa yolembedwa essence kapena flavouring, ndi yodula yolembedwa extract. Extract imapangidwa poviika zitheba za vanila mu mowa ndi madzi, chifukwa mowa umatulutsa bwino fungo lake. Ku America lamulo limanena kuti chinthu sichingatchedwe vanilla extract ngati mulibe mowa wosachepera 35 peresenti, ndipo mabotolo ena ogulitsidwa kuno ndi a mphamvu yomweyo. Izi zikutanthauza kuti kabotolo kamene kali pafupi ndi soda wanu kakhoza kukhala kamphamvu kuposa amaretto. Esensi yotchipa ija nthawi zambiri imakhala ya vanillin wopangidwa m'fakitale, amene akatswiri awiri a ku Germany adayamba kumupanga mu 1874, ndipo ina imasungunulidwa mu mowa, ina ayi. Dzina la kutsogolo kwa botolo silikuuzani. Tembenuzani, muwerenge kumbuyo. Mukaona mawu oti alcohol kapena ethanol, mowa ulimo. Mukaona glycerine kapena propylene glycol okha, mulibe. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Tisaopsezane mopyola muyezo. Supuni ya tiyi ndi mamililita 5, ndipo 35 peresenti ya imeneyo siikwana ngakhale mamililita awiri a mowa weniweni, ogawidwa m'keke yonse ya anthu 12, n'kulowanso mu uvuni. Palibe mwana amene angaledzere ndi zimenezi, ndipo mabanja ambiri osamwa amagwiritsa ntchito extract popanda nkhawa. Kwa abale athu Asilamu nkhani si kuledzera, ndi ya chimene chili chololedwa, ndipo atsogoleri awo amasiyana maganizo: ena amalola kadontho kotere, ena amakana. Si ife oweruza. Chimene tingachite n'kufunsa mwini wake, kapena kungogula yopanda mowa imene imapezeka m'masitolo a amwenye ndi a halal, nkhani n'kutha. Kuwauza kuti musadandaule zidauluka mu uvuni ndiko kumene tikukana.

Njira ina ndi kugula chitheba chenicheni. Ching'ambeni pakati, palani tinjere takuda tija ndi mpeni, muthire m'keke kapena mu kasitadi. Khoko lake musataye: likwirireni m'botolo la shuga kwa sabata ziwiri, ndipo mudzakhala ndi shuga wa vanila wothira m'mandasi, m'phala la ana ngakhale mu tiyi. Mukamachotsa shuga muziwonjezera wina, khoko limodzi limagwira ntchito miyezi ingapo. Vanilla bean paste nayonso ndi yabwino, supuni imodzi pa supuni imodzi ya extract, koma nayo iwerengeni chifukwa ina ili ndi mowa pang'ono.

Mukadabwa kuti chitheba chimodzi n'chodula bwanji, chifukwa chake n'choti duwa lililonse la vanila amalikwatitsa ndi dzanja, limodzilimodzi, ndipo limatseguka tsiku limodzi lokha. Mbewuyi kwawo ndi ku Mexico. Njira yogwiritsa ntchito kamtengo ndi chala adaitulukira mu 1841 mnyamata wa zaka 12, Edmond Albius, amene adali kapolo pa chilumba cha Réunion, ndipo ndi imene alimi a ku Madagascar ndi Uganda akugwiritsabe ntchito. Madagascar ndiye amalima vanila wambiri padziko lonse. Namondwe wotchedwa Enawo atawomba kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo mu Malichi 2017, mtengo udafika pafupifupi madola 600 pa kilogalamu, ngakhale udatsika kwambiri m'zaka zotsatira. Ana a sukulu amene mukuwerengera tindalama, musadzimvere chisoni pogula esensi yotchipa. M'mabisiketi ndi m'makeke amene amapsa pamoto waukulu, fungo losalimba la vanila weniweni limathawa lambiri, ndipo anthu ochepa okha ndi amene angasiyanitse. Weniweniyo msungireni kasitadi, kirimu ndi ayisingi, zimene sizipsa kwambiri.

Timabotolo tina tonse tifotokoze mwachidule. Extract ya ndimu ndi ya peppermint nthawi zina imakhala ndi mowa wambiri kuposa ya vanila, ina kupyola 80 peresenti. Pa ndimu khungu lopalidwa limakwanira, supuni ziwiri za tiyi pa supuni imodzi ya extract. Pali tina tolembedwa flavouring oil, timene n'tamphamvu katatu kapena kanayi kuposa extract, choncho muwerenge madontho. Timeneti ndi tabwino mu chokoleti chosungunula, chifukwa kadontho ka chamadzimadzi kamalimbitsa chokoleti n'kukhala chibuma. Koma mafuta onunkhira ogulitsidwa kuti muziika m'chipinda kapena kudzola si odya ayi, ngakhale palembedwe lalanje. Rose water ndi orange blossom water za m'masitolo a Aluya ndi amwenye nthawi zambiri zimakhala zopanda mowa ndipo n'zotchipa, koma theka la supuni ya tiyi lakwana, mukapyola keke imamveka ngati sopo.

Za ndiwo sitichedwapo. Kaphikidwe ka nyama ya ng'ombe kakafuna kapu ya vinyo wofiira, thirani kapu ya msuzi wa nyama, supuni imodzi ya viniga ndi tomato wa m'chubu pang'ono. Pa nkhuku kapena nsomba yofuna vinyo woyera, msuzi wa nkhuku ndi madzi a ndimu. Chimene vinyo amabweretsa mumphika ndi kuwawasa, ndipo amayi athu akhala akuchipeza mu tomato kuyambira kale.

Kwa amene mowa simukana koma thumba ndi lopyapyala, masitolo ambiri amagulitsa timabotolo ta mamililita 50, timene ndi masupuni aakulu atatu ndi kapang'ono, okwanira makeke ambiri. Ndipo kusinthaku kumayenda mbali zonse: vanila akatha pakati pa usiku, supuni ya rum kapena brandy imagwira ntchito yake, monganso supuni ya uchi. Koma keke imeneyo ikapita ku tchalitchi kapena ku msonkhano wa bungwe, munene.

Tisamaiwalenso zathu. Ufa wa malambe, umene mayiko a ku Ulaya adaulola kugulitsidwa mu 2008 ndipo tsopano uli m'masitolo a zakudya zopatsa thanzi pa mtengo wochititsa kakasi, umapereka kuwawasa kokoma mu ayisingi ndi mu cheesecake. Yambani ndi supuni yaikulu imodzi. Bwemba woviikidwa m'madzi otentha n'kusefedwa amayenda bwino ndi shuga wakuda m'keke ya zipatso, ndipo amapezeka m'sitolo iliyonse ya amwenye pa dzina loti tamarind. Jinja, sinamoni ndi nthochi zakupsa kwambiri, zakuda khungu zija zimene ana amazikana, zimanunkhiritsa keke popanda kabotolo kalikonse, monga zimachitira m'zitumbuwa ndi m'chikondamoyo.

Pa phwando lathu la Khirisimasi, amene mubweretse keke kapena trifle tikupempha kuti mubwerenso ndi kapepala koimika pambali pa mbale. Lembanipo m'Chichewa ndi m'Chingerezi, chifukwa ana athu ena amawerenga Chingerezi chokha, ngati muli mowa, ngati muli vanilla extract, ngati muli nsawa, almond kapena marzipan. Tikupemphanso kuti mbale iliyonse ikhale ndi mpeni wake, kuti umene wadula keke ya marzipan usakalowe m'keke ya ana.